Pa Kazungula, pomwe mlatho unakhota polambalala mayiko awiri

Ukachoka mu mzinda wa Livingstone m'mawa n'kulunjika kumadzulo pa msewu wa ku Sesheke, umayenda makilomita pafupifupi 70 usanakhotere kumanzere kutsikira kumtsinje. Madzi usanawaone, umayamba waona mathiraki. Ena asenza mkuwa wochokera ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Congo, ali pa ulendo wa kudoko la Durban. Ena akubwerera kumpoto ndi mafuta, makina ndi katundu wa m'masitolo. M'mbali mwa msewu amayi akuwotcha chimanga, anyamata osintha ndalama akukupiza makwacha ndi mapula, ndipo Chinyanja chimamveka apa ndi apo pakati pa Chilozi ndi Chitonga. Kenaka mitengo imapatuka, n'kuona Zambezi ali tambalala, mlatho wautali utadumpha pamwamba pake.

Mlathowo sunawongoke. Aliyense amene anawolokapo Shire pa Liwonde, kapena Luangwa pa msewu wa ku Chipata, kapena Zambezi yemweyu ku Tete, amadziwa kuti mlatho umadula mtsinje mwachidule, kuchoka tsidya lino kukagwa tsidya linalo. Wa pa Kazungula unapindika ngati uta. Omanga ake sankafuna kukongoletsa, ndiponso panalibe thanthwe loti alizembe. Ankalambalala mayiko awiri.

Mukaima pagombe la ku Zambia n'kuyang'ana kummwera, maso anu amagwera mayiko anayi nthawi imodzi. Pamene mwapondapo ndi Zambia. Kutsogolo, kumene mlatho ukukathera, ndi Botswana. Kudzanja lamanja, kumtunda kwa mtsinje, kuli nsonga ya bango ndi mitengo: chimenecho ndi chilumba cha Impalila, kumapeto kwenikweni kwa Namibia, ndipo pansonga pakepo m'pamene mtsinje wa Chobe umadzathira mu Zambezi. Kudzanja lamanzere, kungotsika pang'ono, tchire limene likuoneka tsidya lija ndi Zimbabwe. Nditafika koyamba ndinkayembekezera chipilala, kapena mbendera zinayi zozikidwa pamodzi poti munthu ajambulitse. Pamadzipo sindinaonepo kanthu. Madzi amangopita, mvuu imatulutsa mphuno n'kumiranso, ndipo msodzi m'bwato lake logoba amapalasa kudutsa pamalo amene maboma akhala akuwerengerana mamita kwa zaka zambiri.

Otsatsa maulendo a alendo amakonda kunena kuti pano mayiko anayi amakumana pa kadontho kamodzi. Zoona zake n'zakuti padziko lapansi palibe malo ngakhale amodzi pamene mayiko anayi odzilamulira amakumana chotero, ndipo Kazungula ndiye amangoyandikira kuposa ena onse. Zimene maboma akutsata lero n'zakuti m'madzimo muli timadontho tiwiri. Pa koyamba pamakumana Namibia, Botswana ndi Zambia. Pa kachiwiri, kumunsi pang'ono, pamakumana Botswana, Zambia ndi Zimbabwe. Pakati pake pali mamita pafupifupi 150, kutalika kwa bwalo la mpira limodzi ndi theka. Amenewo ndiwo malire onse a Botswana ndi Zambia, amodzi mwa malire afupiafupi kwambiri padziko lonse, ndipo mulibe dothi ngakhale lodzaza chikhatho. Ndi madzi okhaokha.

Kuti timve chifukwa chake mamita 150 ali nkhani yaikulu chonchi, tiyerekeze ndi minda ya kumudzi. Mabanja anayi alima moyandikana, ndipo malire awo akukumana cha pachulu. Banja lakummwera likufuna kumapita kwa anzawo a munda wakumpoto osaponda mbewu za wina. Ngati minda iwiriyo ikukhudzana ngakhale pa mizere itatu yokha, kanjira kalipo, ndipo palibe angawaletse. Ngati minda yonse inayi ikukumana pansonga yeniyeni ya chulu, kanjira palibe, chifukwa kadontho kalibe m'lifupi: phazi likangoti litere, latera kale m'munda wakum'mawa kapena wakumadzulo. Ndipo ngati mizereyo yalumphana mwina, minda yakum'mawa ndi yakumadzulo ndiyo ikugwirana, banja lakummwera latsekeredwa. Botswana ndiye banja lakummweralo. Dzikoli lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo lazunguliridwa ndi South Africa, Namibia ndi Zimbabwe. Khomo lake lolowera kumpoto osapempha kwa munthu ndi kampata kameneka basi.

Mizere imene imakumana pano ndi itatu, ndipo uliwonse unabadwa pawokha, pa nthawi yake, m'manja mwa anthu amene sankalabadira kuti tsiku lina idzayenera kulumikizana. Woyamba umatsata Zambezi, kusiya Zambia kumpoto. Wachiwiri umatsika ndi Chobe, kugawa Namibia ndi Botswana. Wachitatu ndi wapamtunda, wa pakati pa Botswana ndi Zimbabwe, ndipo umatsata msewu wakale wa ngolo za ng'ombe umene alenje a njovu ndi amalonda a minyanga ankadzera pochokera kummwera, kudzera ku Pandamatenga, kumene wamalonda wa Chingerezi George Westbeech anamanga sitolo yake m'zaka za m'ma 1870. Ngolozo zinkathera pa Kazungula, chifukwa kuti munthu awoloke kulowa m'dziko la Alozi pankafunika chilolezo cha mfumu yawo. Malowa anali chipata kale mapu a atsamunda asanabwere.

Pali ulusi umene umamanga dera limeneli ndi chigwa cha Shire. Pamene David Livingstone anafika ku Chobe mu 1851, dzikoli linali m'manja mwa Amakololo a mfumu Sebetwane. Mwana wake Sekeletu, amene likulu lake linali ku Linyanti kumtunda kwa mtsinje womwewu, ndiye anapatsa Livingstone amuna omuperekeza potsika ndi Zambezi mu 1855, ulendo umene anaonera mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ena mwa amuna ochokera kuno amene anayenda naye anadzatsalira ku Shire, n'kukhala mafumu pakati pa Amang'anja. Maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa anachokera pamenepo. Munthu wa ku Chikwawa akaima pa Kazungula, madzi amene akuwaonawo akupita kukakumana ndi Shire wa kwawo, ndipo mbali ina ya mbiri ya kwawo inatsika ndi njira yomweyo.

Mzere umene wavutitsa kwambiri ndi wa Chobe. Pa 1 Julaye 1890, Britain ndi Germany anasainirana pangano ku Berlin logawana malo. Britain inapereka kachilumba ka Heligoland, kufupi ndi gombe la Germany, ndipo Germany inavomera kuti Angerezi alamulire Zanzibar. M'pangano lomwelo Ajeremani, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Namibia, anapempha njira yofikira ku Zambezi, ndipo anapatsidwa kachigawo kopyapyala kosachepera mamailosi 20 m'lifupi. Mukayang'ana mapu a Namibia mudzaona chala chachitali chotuluka kumpoto chakum'mawa, cha makilomita pafupifupi 450; ndi chimenecho. Anachitcha Caprivi, dzina la Leo von Caprivi amene ankatsogolera boma la Germany nthawi imeneyo. Chiyembekezo chinali chakuti mtsinje udzakhala msewu wa kunyanja yakum'mawa, koma kumunsi kwa Kazungula kuli mathithi aja, amene sitima iliyonse singadumphe. Ajeremani anatumizako nthumwi yawo yoyamba mu 1909, n'kumanga kamalo kotchedwa Schuckmannsburg, ndipo mu Seputembala 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, anakataya. Anakhalako zaka zisanu zokha, koma chala chija chilipobe. Mu 2013 boma la Namibia linachotsa dzina la Caprivi pa chigawochi n'kuchitcha Zambezi, ndipo Schuckmannsburg anakhala Luhonono. Eni nthaka, Amasubiya, amene ankalima ndi kuwedza mbali zonse za Chobe, sanafunsidwe mu 1890. Anangodzuka ali m'mayiko osiyana ndi abale awo a tsidya lina.

Panganolo linati malire azitsika pakati pa njira yaikulu ya madzi a Chobe mpaka pamene mtsinjewo ukumana ndi Zambezi. Papepala zikumveka bwino. Vuto limayamba munthu akalowa m'bwato. Chikalata cha Chingerezi chinanena za pakati pa njira yaikuluyo, pamene cha Chijeremani chinagwiritsa mawu akuti Thalweg, kutanthauza mzere wotsata pozama kwambiri. Pakati pa mtsinje ndi pozama pake si pamodzi nthawi zonse: pokhota, madzi amakumba gombe lakunja n'kusiya mchenga mkati. Komanso Chobe si mtsinje wa khwawa limodzi. Umachokera ku Angola uli ndi dzina lakuti Kwando, n'kumwazikana m'madambo a Linyanti, n'kumagawika mphanda kuzungulira zilumba. Ndiye pali chigumula. Mvula ya ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia imatenga miyezi kuti itsike, kotero Zambezi amadzaza kwambiri cha mu Epulo, kuno mvula italeka. Akadzaza amakankha madzi kulowa mu Chobe, mtsinjewo n'kumayenda chobwerera m'mbuyo, madambo onse n'kusanduka nyanja. Pa nthawi yoteroyo, ndani angaloze ndi chala kuti Chobe wathera apa, Zambezi wayambira apa? Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, koma pano makwawa ndi ambiri, ndipo pangano linatchula limodzi osanena kuti ndi liti.

Funso limenelo linafika mpaka ku bwalo lalikulu la milandu ya mayiko ku The Hague. Makilomita pafupifupi 20 kumtunda kwa Kazungula, pafupi ndi tauni ya Kasane, Chobe amagawika pawiri kuzungulira chilumba cha udzu chimene anthu a ku Namibia amachitcha Kasikili, a ku Botswana n'kumati Sedudu. Ndi chaching'ono, ndipo chimamira miyezi ingapo chaka chilichonse. Namibia italandira ufulu mu 1990, mayiko awiriwa anayamba kulimbirana. Ngati njira yaikulu ndi mphanda yakummwera, chilumba n'cha Namibia. Ngati ndi yakumpoto, n'cha Botswana. Mu 1992 apulezidenti Sam Nujoma wa ku Namibia ndi Ketumile Masire wa ku Botswana anakumana ku Kasane pamodzi ndi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe, n'kusankha akatswiri oti akayeze mtsinje. Akatswiriwo sanamvane, ndipo mu 1996 nkhani inapita kubwalo. Namibia inanena kuti Amasubiya a ku Caprivi akhala akulima ndi kudyetsa ziweto pachilumbapo kuyambira kalekale. Oweruza anavomera kuti anthuwo ankalimadi, koma anati sankachita zimenezo m'dzina la boma lililonse. Anayang'ana kuzama, kukula ndi kayendedwe ka madzi pa nthawi imene mtsinje waphwera, ndipo pa 13 Disembala 1999, oweruza 11 mwa 15 anagamula kuti njira yaikulu ndi yakumpoto. Chilumba chinapita ku Botswana. Anawonjezera kuti nzika ndi maboti a mayiko onse awiri aziyenda mofanana m'mphanda zonse ziwiri. Namibia inalandira chigamulocho ngakhale chinali chowawa, ndipo kwa ine chimenecho n'chinthu chofunika kuchilemekeza. Lero ukadutsa pa boti madzulo umaona mbendera ya Botswana itazikidwa pakati pa udzu, njati ndi njovu zikudya mozungulira.

Amalawi pangano la 1890 limeneli akulidziwa, ngakhale ena sadziwa kuti ndi lomweli. Ndime ina ya chikalata chomwecho ndi imene inaika malire a dziko la Ajeremani la kum'mawa, Tanzania ya lero, m'mphepete mwa gombe la nyanja ya Malawi mpaka pamathiriro a Songwe. Malawi amaimirira pamenepo, kuti malire ali pagombe. Tanzania imati ayenera kudutsa pakati pa nyanja. Mkanganowo unabukanso cha mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, ndipo mmodzi mwa akuluakulu atatu amene anapemphedwa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, pamodzi ndi Joaquim Chissano ndi Thabo Mbeki, anali Festus Mogae, yemwe anali pulezidenti wa Botswana pamene chigamulo cha Sedudu chinkaperekedwa. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti azilemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu, poopa nkhondo zosatha. Koma kulemekeza mzere kumafuna kuti muyambe mwagwirizana pamene mzerewo uli, ndipo pamadzi m'pamene pamavuta.

Pa Kazungula funso la kadontho linasanduka la moyo ndi imfa m'zaka za nkhondo zomenyera ufulu. Botswana isanadzilamulire n'komwe, othawa tsankho ku South Africa ankadzera kuno popita kumpoto. Ndege imene inatulutsa Nelson Mandela mobisa mu Januwale 1962 inatera ku Kasane isanapitirire ku Mbeya. Zambia inalandira ufulu mu 1964, Botswana mu 1966 pansi pa Seretse Khama. Koma taonani mmene Botswana inalili. Kummwera kunali boma la tsankho la South Africa. Kumadzulo ndi kumpoto kunali Namibia, imene inali m'manja mwa South Africa yomweyo, asilikali ake ali mu Caprivi. Kum'mawa kunali Rhodesia ya Ian Smith, Zimbabwe ya lero, imene inadzilengeza yokha kuti ndi dziko mu 1965. Malo okhawo amene Botswana inkakhudzana ndi dziko lolamulidwa ndi anthu akuda anali mamita aja a pa Kazungula, ndipo cholumikiza chinali pantoni imodzi.

Mu 1970 boma la South Africa linauza Botswana kuti ilibe malire ndi Zambia, kuti mayiko anayi amakumana pa kadontho, choncho pantoniyo ikuyenda m'madzi a eni ake mopanda chilolezo. Mfundo yokoma ija imene lero imakopa alendo, nthawi imeneyo inali chingwe chofuna kupotokola khosi la dziko. Botswana inakana, pantoni inapitiriza kuwoloka, ndipo ndi thandizo la ndalama la America anamanga msewu wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Nata kudzafika pagombe pano, kuti katundu aziyenda osadzera ku Rhodesia. Smith atatseka malire ake ndi Zambia mu Januwale 1973, njira imeneyi inakula mtengo. Inakulanso ngozi. Pa 27 Febuluwale 1978 asilikali a Rhodesia anabisalira gulu lankhondo la Botswana pa Lesoma, pafupi ndi Kazungula, n'kupha asilikali 15. Gulu lankhondolo linali lisanathe ndi chaka chomwe chikhazikitsidwireni. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa pantoni ija n'kuimiza, ponena kuti inkanyamula zida za omenyera ufulu wa Zimbabwe. Munthu ukadziwa zimenezi, sungayang'anenso madziwa ngati malo ongojambulitsirapo.

Nkhondo zitatha, Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 ndipo Namibia mu 1990, pantoni zinabwerera pa ntchito, koma tsopano vuto linali kuchuluka kwa katundu. Mtsinje pano ndi wa mamita pafupifupi 400, ndipo pantoni imodzi inkanyamula matani 70, kutanthauza thiraki imodzi yaikulu kapena ziwiri pa ulendo. Injini ikafa kapena madzi akakwiya, zonse zinkaima. Mzere wa mathiraki unkatalika makilomita, ndipo dalaivala ankatha masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, akudikira mpata. Amene anadzerako nthawi imeneyo amakumbukira mbaula pansi pa ngolo ya thiraki, nsima ikuphikidwa m'kapoto kakuda, malaya ochapidwa atayanikidwa pagalasi, munthu akugona khutu limodzi lili kunja poopa akuba mafuta. Mu 2003 thiraki yolemera mopyola muyeso inagubuduza pantoni, ndipo anthu 18 anamira.

Wina angafunse kuti madalaivala ankapiriranji zonsezi pamene njira ya ku Beitbridge ndi Chirundu, yodutsa mu Zimbabwe, ilipo. Yankho lili m'thumba: misonkho ya pamsewu, kuchedwa pachipata cha Beitbridge ndi mavuto a chuma cha Zimbabwe zinkapangitsa eni mathiraki ambiri kusankha kuzungulira ku Botswana. Apa m'pamene nkhani ya mlatho inakumana ndi ndale. Njira yachidule yomangira mlatho ikanadutsa pamwamba pa madzi a Zimbabwe, ndipo boma la Mugabe silinavomere. Ambiri amaona kuti linkaopa kutaya ndalama za mathiraki odzera ku Beitbridge. Botswana ndi Zambia sanafune kudikira mpaka kalekale. Anauza akatswiri kuti ajambule mlatho umene udzalowa pa khomo la mamita 150 lija osakhudza Zimbabwe kumanzere kapena Namibia kumanja. Magombe awiri oyenera kulumikizidwa sanayang'anizane ndendende ndi khomolo, choncho njira yokha inali kuupinda, monga mmene mayi amapindira ulusi kuti ulowe pa diso la singano.

Ntchito inayamba mu 2014, ndipo inagwiridwa ndi kampani ya ku South Korea ya Daewoo. Inadya ndalama za America pafupifupi madola 259 miliyoni, zochokera ku maboma awiriwo pamodzi ndi ngongole za banki ya African Development Bank ndi bungwe la Japan la JICA. Mlathowo ndi wa mamita 923 m'litali ndi 18.5 m'lifupi, kuposa kawiri kukula kwa mtsinje pamene pantoni inkawolokera. Mugabe atachoka pampando, Emmerson Mnangagwa anabwera kudzaona ntchitoyo mu Malichi 2018 pamodzi ndi apulezidenti a nthawi imeneyo Ian Khama wa ku Botswana ndi Edgar Lungu wa ku Zambia, n'kunena kuti Zimbabwe ikufuna kulowa nawo, koma nsanamira zinali zitaima kale pamzere wokhota. Pa 10 Meyi 2021 Lungu ndi Mokgweetsi Masisi, amene analowa m'malo mwa Khama, anatsegula mlathowo, Mnangagwa, Filipe Nyusi wa ku Mozambique ndi Félix Tshisekedi wa ku Congo ali pomwepo. Ndimaona kuti mlathowu unachita zimene zikalata zinalephera kwa zaka zoposa 100. Pamene mayiko oyandikana analola kuti konkire iime pamenepo m'dzina la Botswana ndi Zambia, anavomereza kuti khomo lija lilipodi. Chipilala chimene ndinkachifuna tsiku loyamba lija ndi mlatho womwewo.

Kuwoloka lero n'kosavuta. Munthu amaima kamodzi kokha, ku mbali ya dziko limene akulowa. Popita ku Botswana umadutsa mlatho osaima ku Zambia, n'kukalowa m'holo imodzi momwe wa olowa ndi otuluka wa ku Zambia amadinda pasipoti kuti watuluka, n'kusuntha masitepe ochepa kupita pa windo la mnzake wa ku Botswana. Amene anadzera pa Mchinji ndi Mwami kuyambira kumapeto kwa 2022 akuidziwa kale njira imeneyi. Mmalawi kapena Mzambia wongodzacheza safunika viza m'mayiko anayi onsewa, bola pasipoti ikhale yamoyo. Galimoto imalipira msonkho wa pamlatho. Chimene chimadabwitsa obwera koyamba ndi kabeseni ka mankhwala: polowa mu Botswana amakuuza kuti uponde pa chiguduli chonyowa, nsapato zina zimene zili m'chikwama uzitulutse uzinyikenso, ndipo galimoto imadutsa m'dziwe la mankhwala omwewo. Akuteteza ng'ombe zawo ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, chifukwa nyama ya ng'ombe ndi chuma chachikulu cha dzikolo. Nyama yaiwisi imene mwanyamula ngati kamba ikhoza kutsala pomwepo.

Kuchoka pamenepo kupita ku Kasane ndi mphindi zochepa. Ndi tauni imene njiri zimadya udzu m'mbali mwa msewu zitagwada, ndipo njovu zimadutsa pakati pa nyumba popita kukamwa. Kalembera wa m'ndege wa 2022 anapeza njovu pafupifupi 228,000 m'dera lalikulu losungirako zachilengedwe la KAZA, limene Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana mu 2011 kuti azilisamalira pamodzi, ndipo zoposa theka zinali ku Botswana. Wofuna kuponda mayiko onse anayi tsiku limodzi angathe: boti laling'ono limachoka ku Kasane kupita ku Impalila, kumene kuli kaofesi kodindira mapasipoti, ndipo chipata cholowera ku Zimbabwe chili pafupi ndi mlatho, pa msewu wa ku tauni ya Victoria Falls. Pa mitengo ya m'gombe pamakhala nkhwazi, mbalame yomwe ija ili pa mbendera ya Zambia ndi pa zizindikiro za maboma a Namibia ndi Malawi. Imalira itapendeketsa mutu kumbuyo, n'kuuluka kukagwira nsomba tsidya lililonse limene yafuna.

Kwa anthu a m'mphepete mwa mtsinje zinthu sizophweka chotero, ndipo mlendo asachoke asanazimve. Amayi amene ankagulitsa nsima ndi nsomba kwa madalaivala ogona sabata pagombe, ndi anyamata amene ankawolotsa anthu ndi katundu pa mabwato, mlatho unawachotsera msika umene unkawadyetsa. Msodzi amatsata nsomba, ndipo usiku pamadzi palibe chomuuza kuti wadumpha mzere. Mu Novembala 2020 asilikali a Botswana anawombera n'kupha amuna anayi pa Chobe pafupi ndi Sedudu, atatu apachibale a ku Namibia ndi msuweni wawo wa ku Zambia. Boma la Botswana linati anali opha nyama mozembera malamulo. Abale awo anati anali asodzi. Ku Namibia anthu anakwiya kwambiri, ndipo maliro amenewo sanaiwalike ku Impalila. Mu Febuluwale 2023 Botswana ndi Namibia anagwirizana kuti nzika zawo zizidutsa pamalire ndi chitupa cha unzika chokha popanda pasipoti, chinthu chimene chapeputsa ulendo wa kumaliro, kuukwati ndi kumsika kwa mabanja amene pangano la ku Berlin linawagawa.

Mukamawoloka, yang'anani pansi pakati pa misewu iwiri ya mlathowo. Mudzaona njanji itayalidwa m'konkire kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Anaiikiratu poyembekezera njanji imene ikukonzedwa kuti idzachoke ku Mosetse, ku Botswana, kudzera pano kukalumikizana ndi ya ku Livingstone, kuti mkuwa uzitsika pa sitima m'malo mwa mathiraki. Tsiku limene ndinkawoloka, njanjiyo inkangothera kumapeto kwa mlatho mbali zonse ziwiri, m'mipata yake mutadzaza mchenga wouluzika ndi mphepo, mathiraki akudutsa uku ndi uku.